Mmene Ndinatsatira Nyanja ku Beira

Tiyanjane, tasiya kaye kupinda zovalazo, ubwere ukhale apa. Sutikesiyo sithawa. Nanunso, Dalitso ndi Esinati, tsitsani wailesiyo, nkhaniyi ndi ya nonse ngakhale wokwera ndege ndi mmodzi. Ndamva kuti Loweruka unyamuka kupita ku Mangalande kwa azakhali ako a Lute, ukakhale mwezi wathunthu osagwira ntchito, kungoona dziko. Amako akuuza kale za majuzi ndi za mapepala. Ine za mapepala sindizidziwa, mpaka lero ndimasaina ndi chala chachikulu. Koma ulendo wokangoona dziko la eni ndinauyendapo, kamodzi kokha m'moyo wanga wonse, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerako osaona chimene ndinapitira. Nchimenecho ndikufuna umve usanatseke sutikesi.

Dalitso, ndakuona ukuseka. Inu ana mumayesa ine ndinabadwa ndi mawondo otupawa. Ndinali mtsikana ine, ndowa yodzaza ndinkaisenza osagwira, mwana ali kumbuyo.

Nthawi imeneyo azungu anali akulamulabe, ife tili m'nyumba yomwe ino ya ku Matero, zipinda zakumbuyozi zisanamangidwe. Mitengo ya mango mukuionayi kunalibe, kunali fumbi lokhalokha, ndipo uko mukuti ku Lilanda tinkapitako kukatola nkhuni. Malemu agogo anu aamuna, a Phiri, ankagwira ntchito ku njanji, ku shedi ya katundu. Anthu a ku njanji akagwira nthawi yaitali ankapatsidwa tchuthi pamodzi ndi pasi yokwerera sitima, mwamuna ndi mkazi wake. Anzawo ankatenga pasiyo kupita kwawo kukaona makolo. Agogo anu chaka chimenecho anabwera ndi maganizo ena.

"Nabanda," anatero, chifukwa ndi mmene ankanditchulira, "ine ndatopa nkumangokweza katundu wa eni wopita ku Beira. Ulendo uno tikwere ifeyo, tikaone kumene njanji imathera."

Ine ndinati, "Kodi njanji imatha?"

"Imatha. Kutsogolo kwake kulibenso nthaka. Ndi madzi amchere okhaokha mpaka kumene maso alekezera."

Ku Beirako, dziko la Apwitikizi, kunali msuweni wawo, a Yohane, amene ankagwira ntchito pa doko. Ndiye pogona panalipo. Azakhali akowo a Lute anali atangosiya kuyamwa, tinakawasiya kwa mkulu wanga ku Kanyama.

Nkhani itafika pa mpopi, amayi onse anaika ndowa pansi. Pa mzere wathu wonse panalibe mkazi amene anaonapo nyanja yamchere. Panali mnzanga wina wa Chibemba, amake Bwalya, woyankhula Chinyanja cha m'tauni ngati chanuchi. Anandigwira dzanja nkunena kuti, "Ba make Lute, mukayangane bwino vonse. Ise tizafela muno mu Matero. Maso yathu ni imwe." Ine ndinavomera modzitama, ngati nyanjayo ndi ya amalume anga.

Za kamba ndisakunamize, inu mumadya za m'ndege zophimba ndi pepala lonyezimira. Ife tinakonza masiku awiri. Chimanga chokazinga, mtedza, mbatata zophika, nkhuku yootcha mpaka kuuma kuti isasase, ndi chigumu chokulunga m'masamba a nthochi. Zonsezi mu dengu, zovala mu thiranki ya malata yokhala ndi loko. Ndinathiranso thobwa m'botolo nkutseka ndi chitsononkho molimba. Usadzayese zimenezo. Sitima isanafike ku Choma, thobwa lija linatentha nkuphulika, chitsononkho chinakamenya denga, ndipo bambo wina wovala jekete yoyera, mphunzitsi, anatsika pa siteshoni yake akununkha ngati ku chinkhoswe. Chinanso, nsapato zatsopano sizivalidwa paulendo. Ine ndinagula zanga dzulo lake kwa Mmwenye, ndipo pofika ku Bulawayo mapazi anali atatupa ngati mikate. Zako zija zazitali zidendene ndaziona. Uziike pansi pa sutikesi, uvale zakale.

Sitima inali ya malasha. Ife anthu akuda tinkakhala m'mabogi a mipando yamatabwa, ndipo ukasuzumira pazenera phulusa linkakulowa m'maso. Koma kunali kukoma kwake. Munthu unkakwera ndi alendo, pofika madzulo mwadziwana mfunda, mwagawana mbatata, wina wakugwirira mwana.

Titanyamuka pa Livingstone, agogo anu anandiuza kuti, "Konzekani, tikuyandikira mlatho wa pa mathithi." Koma moyang'anana nafe munakhala nkhalamba ina yoyenda yokha, ya maso ofooka, ndipo ndinali nditangoiitanira ku nkhuku yathu. Ndinali nditagwada, ndikuithirira madzi osamba m'manja. Munthu wamkulu sungamusiye manja ali theka losamba nkuthamangira kuzenera. Ndinangomva anthu onse akukhamukira mbali imodzi, kenako mkokomo ngati wa mvula yamatalala, ndi timadzi tozizira tikundigwera pakhosi. Nkhalamba ija inasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi. Pamene ndinaimirira, pazenera panali mitengo.

"Mwaona?" anafunsa agogo anu.

"Ndamva," ndinatero.

Anaseka mpaka ku Wanki. Inenso ndinaseka, chifukwa mumtima ndinkati mathithi si amene ndinapitira, ine ndikupita ku nyanja.

Tinasintha sitima ku Bulawayo, tinadutsa ku Halale, tinakwera mapiri a ku Mutale, kenako malire. Pamalire apo asilikali a Apwitikizi ankafuna mapepala, ndipo mayi wina analira chifukwa ake anali mu mtolo umene unatsalira m'bogi ina. Athu ndinali nditawasokera m'kathumba mkati mwa diresi. Mapepala a paulendo amakhala pathupi, Tiyanjane, osati m'chikwama chimene ungachiike pansi pofuna kumanga mpango.

Kutsika mapiri aja, kutentha kunayamba. Si kutentha kwathu kuno kwa mwezi wa Okutobala ayi. Kumeneko mphepo yake ndi yonyowa, umatuluka thukuta utangokhala. Tinafika tsiku lachinayi, a Yohane akutidikira pa siteshoni, ndipo anatitengera ku Munyava, komboni ya anthu akuda, ya nyumba zofolera ndi masamba a kokonati.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa ndi pamene panagona cholakwa changa. Mkazi wa a Yohane, mayi Rozina, anali Msena, munthu woseka bwino. Chisena chawo ndinkachimva, chili ngati Chinyanja chathu chomwe koma chopindika pang'ono. Tinawapeza ali ndi khanda la sabata imodzi, asanayambe nkutuluka komwe. Amayi awo amene ankawathandiza anali atabwerera kumudzi. Tsiku loyamba anatiphera bakha, tinadya ndi mpunga wophika ndi kokonati, ndinakhala pa mphasa ngati mlendo. Koma mmawa mwake tambala atangolira, ine tsache lili kale m'manja.

Inu simungamvetse, chifukwa masiku ano mlendo amadzuka dzuwa lili pamutu nkufunsa pamene angatchajire foni. Ife anamkungwi anatilanga kuti mkazi kwa abale a mwamuna sakhala manja lende. Ukakhala, mbiri imakafika kumudzi iwe usanafike, yakuti mwana wa a Phiri anakwatira mlesi. Anatilanganso kuti mlendo sapempha. Chimene eni nyumba akupatsa ndi chomwecho, kumene akutengera ndi komweko. Ndiye ine ndinasesa, ndinatunga madzi, ndinapuntha mpunga, ndinachapa matewera. Mayi Rozina anandiphunzitsa kupala kokonati pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, ndipo tsiku lachiwiri ndinkapala kuposa iwo. Anandiphunzitsanso kuphika tizilombo tina ta m'madzi ta ndevu zazitali, tooneka ngati ziwala. Poyamba ndinkatidya nditatsinzina, kenako ndinkawonjezera. Chakudya cha eni uzilawa, mwanawe. Usakafike kumeneko nkumalira kapenta.

Amuna ankanyamuka mmawa uliwonse kupita ku doko. Madzulo agogo anu ankabwera maso ali gwa, akufotokoza za sitima zapamadzi zazitali kuposa tchalitchi, ndi zitsulo zonyamula galimoto yathunthu m'mwamba ngati mwana wa nkhuku. Ine ndikuwapatsa madzi osamba ndinkati mumtima, mawa andiuza kuti tiyeni. Mawa likafika, ankavala chipewa nkutuluka. Iwo ankayesa kuti ife amayi timapita tokha masana. Mayi Rozina nawo ankayesa kuti ine ndi munthu wokonda pakhomo. Komanso kwa iwo nyanja sichinali chinthu chokaona, anabadwira pomwepo. Zili ngati mlendo abwere muno mu Matero, iwe nkuganiza zomutenga kukamuonetsa mpopi.

Masiku anayi anatha choncho. Tsiku lachisanu linali lobwerera. Sitima inkanyamuka wani koloko masana, ndipo inali yokhayo imene ikanatifikitsa ku Lusaka tchuthi chisanathe. Masiku amenewo wochedwa ku tchuthi ankapeza dzina lake litafufutidwa, ndipo ntchito ikatha nyumbanso inkapita. Mmawa umenewo ndinali kuseri ndikuyanika matewera omaliza, agogo anu nkubwera.

"Nabanda, mangani katundu. Tinyamuke msanga, tikapeze malo a pazenera."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaona nkhope ya amake Bwalya pa mpopi paja. Ndinafunsa ndili chogwada, thewera lili m'manja, "Abambo, kodi nyanja ija ili mbali iti?"

Anadabwa. "Simunaione?"

"Ndikanaiona liti?"

Mayi Rozina anamva ali m'nyumba. Anatuluka ndi khanda, dzanja lili pakamwa. "Mlamu, masiku onsewa? Bwanji osanena? Ili kuseri kwa mitengo ya kokonati iyo. Fungo limene mumadandaula lija ndi lake."

Ine masiku anayi ndinkayesa kuti pali wina akuyanika nsomba zoola.

A Yohane anali atapita kale ku ntchito. Tinatsanzika mothamanga, agogo anu anasenza thiranki, ine dengu, ndipo anati tidzere kugombe chifukwa siteshoni sinali kutali ndi kumeneko. Ndinali nditavala diresi yanga ya ku tchalitchi, ya maluwa abuluu, ndi chitenje chatsopano pamwamba. Mtima unkagunda ngati tsiku la ukwati. Tinadutsa mitengo ija, tinakwera kamtunda ka mchenga, ndipo agogo anu anati, "Nayo."

Ana inu, kunalibe nyanja. Kunali matope. Matope akuda, onyezimira, kuyambira pamapazi athu mpaka kutali. Mabwato anali atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Kutali kwenikweni, kumene thambo limagunda pansi, kunkaoneka kamzere koyera ngati ulusi.

"Mwanditengera masiku anayi m'sitima kudzandionetsa dambo?" ndinatero. "Dambo ku Kanyama liliko."

Agogo anu anatula thiranki, akukanda m'mutu. "Ku doko madzi amakhalapo nthawi zonse. Kuno sindikudziwa chachitika."

Chapafupi panali gogo wina Msena, atapinda nsalu mpaka m'ntchafu, akukumba nkhono m'matope nkumaponya m'dengu. Ndinamupatsa moni nkumufunsa ngati nyanja inaphwa chaka chino. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, ndiwe wa kumtunda eti? Siinaphwe. Yapita kokayenda. Imapita nkubwera tsiku lililonse."

"Ibwera nthawi yanji?"

Analoza kumwamba, kupitirira pamutu pang'ono. "Dzuwa likafika apo, pamene waimapo pakhala madzi ofika m'khosi."

Imeneyo inali nthawi ya sitima yathu. Agogo anu anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine. Anayankhula mofatsa, chifukwa sanali munthu waukali. "Nabanda, sitingadikire. Mukudziwa za ntchito. Mwaiona patali, ndi imeneyo, kamzere ako."

Zoona zake anali kunena zanzeru. Ndikanatha kukwera sitima, nkukafika pa mpopi, nkubwereza nkhani za agogo anu za sitima zazitali kuposa tchalitchi, ndipo palibe akanadziwa. Koma ine ndikanadziwa. Moyo wanga wonse ndinali ndisanapemphepo kanthu kwa mwamuna wanga kupatula za pakhomo. Tsiku limenelonso sindinapemphe. Ndinatula dengu, ndinavula nsapato zondipweteka zija nkuziika pa thiranki, ndinakwinya diresi.

"Mukupita kuti?"

"Ngati iyo siibwera msanga, ndikakumana nayo panjira. Londerani katundu."

Phazi loyamba linalowa mpaka m'kakolo, lachiwiri mpaka m'bondo. Ndinamva agogo anu akuitana, "Nabanda, anthu akukuonani," koma sindinacheuke. Gogo uja anasiya nkhono zake nkunditsatira akung'ung'udza. Anandigwira pamkono nkunena kuti, "Wamisala iwe, usaponde ponyezimira. Ponda pamene pali timizere, pamenepo pansi ndi mchenga." Ukapita kwa eni, Tiyanjane, munthu wokuuza poponda si wovala yunifolomu ayi. Ndi amene ntchito yake ili pomwepo.

Tinayenda. Tinkhanu ting'onoting'ono tinkathawira m'mauna, mbalame zoyera zikuuluka patsogolo pathu. Nditacheuka kamodzi, agogo anu anali ngati nyerere itaima pambali pa kabokosi. Kamzere kaja kanayamba kukula, kenako kanayamba kumveka, phokoso lake ngati amayi ambiri akupeta chimanga nthawi imodzi. Mphepo inasintha, inazizira.

Ndiye tinakumana. Siinabwere ngati mtsinje. Inabwera chokwawa, yopyapyala, thovu lili patsogolo, inandinyambita zala za kumapazi nkubwerera, kenako inabweranso mpaka m'akakolo. Ndinakweza maso. Ana inu, ine ndakhala zaka zambiri, ndaika mwamuna m'manda, ndaona dziko likusintha mbendera, koma chinthu chachikulu ngati chimenecho sindinachionenso. Tsidya kunalibe. Madzi ankangokwera mpaka kukasanduka thambo, ndipo onsewo ankapuma, kukwera ndi kutsika, ngati chifuwa cha munthu wogona. Kutali kunali sitima imodzi yakuda, itaima duu. Ndinatunga madzi m'manja nkulawa. Anali owawa mchere kuposa mmene ndinkaganizira, ndinalavula, kenako ndinalawanso. Ndinapezeka ndikuseka ndekha, misozi ikutsika.

"Waiona," anatero gogo uja. "Tsopano thawa, chifukwa pobwera siyenda ngati iwe."

Sankanama. Titangotembenuka madzi anali m'mawondo. Malo amene tinadutsa pouma anali atasanduka timitsinje. Gogo uja, munthu wa imvi, ankadumpha ngati mbuzi, ine m'mbuyo ndikugwa ndi kudzuka. Funde lina linandimenya kumsana nkundigwetsa chafufumimba, chitenje chonse chinanyowa, matope mpaka m'makutu. Pamene tinkafika pa mchenga, mabwato aja anali atayamba kudzuka. Ndinamupatsa gogoyo chigumu chimene mayi Rozina anatiikira pamwamba pa dengu ngati kamba, ndipo sindinamufunse ngakhale dzina.

Agogo anu anasenza thiranki nkuyamba kuthamanga, ine pambuyo, nsapato m'manja. Tikulowa pa siteshoni belu linali litalira kale. Gadi wa sitima anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkutambasula dzanja kuti ndisakwere, koma agogo anu anamuonetsa pasi ya ku njanji nkumuuza mawu awiri atatu a anthu a ntchito imodzi. Agogo anu anandikankhira m'bogi sitima itayamba kale kugwedezeka. Malo a pazenera anali atatha. Tinakhala pa thiranki pafupi ndi chitseko, ndipo anthu anatipatsa mpata waukulu chifukwa cha fungo langa.

Sitima inatuluka m'tauni, inadutsa minda ya mpunga, agogo anu akuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinkati basi, nkhaniyi ikafika kwa ankhoswe. Tinadutsa siteshoni yoyamba osayankhulana. Kenako anakhosomola.

"Nabanda."

"Abambo."

"Ine masiku anayi onsewa ndimaionera pamwamba pa doko, kuseri kwa waya. Sindinaikhudze." Anayang'ana chitenje changa. "Ndi zoona kuti ndi yamchere?"

Chitenje changa chinali chikadali chonyowa. Ndinagwira nsonga yake nkuwapatsa. Bambo wamkulu, wa kolala ndi chipewa, anaika nsonga ya chitenje cha mkazi wake m'kamwa pamaso pa bogi yonse. Anayamwa, anakwinya nkhope, nkunena kuti, "Ndiwo zake zingakhale zowawa." Mayi wina amene anakhala moyang'anana nafe anayamba kuseka, ndipo bogi yonse inatsatira. Mpaka ku malire ndinali ndikufotokozera anthu osawadziwa za nyanja yopita kokayenda, ndipo ena mwa iwo anali obadwira ku Beira komweko.

Ndiye iwe, Tiyanjane, ndikukudziwa. Unaleredwa m'nyumba muno, ukangoona mbale yakuda manja amakuyabwa. Azakhali akowo ali ndi ana atatu ndi ntchito ya usiku ku chipatala, ndipo akakuona adzayamika Mulungu kuti wawatumizira manja. Uwathandize, sindikukaniza. Koma tsiku lofika lomwelo, usanagwire tsache, uwauze ndi pakamwa pako kuti, "Azakhali, ine ndabwera kudzaona chakuti ndi chakuti, tipita liti?" Akachita manyazi kapena akati mwana uyu ngwamwano, uwauze kuti wakutuma ndine, mayi wawo. Pita ukamalize kupinda zovala zako.